Oyilo akusowa mu giyabokosi koma pansi sakudontha, a njinga zikuluzikulu ndithandizeni

Moni nonse pa gulu pano, makamaka amakaniko ndi anzanga a njinga zamoto kuno ku Joni. Ndagwira njakata.

Ndakhala zaka 5 pa kanjinga ka 150cc, kuperekera anthu katundu m'makomo. Mu Ogasiti ndinagula kwa madala ena a ku Edenvale njinga yaikulu yoyendera maulendo ataliatali, ya masilinda awiri, ya 2018. Cholinga n'choti Disembala ino ndikalowe nayo kwathu ku Ntcheu, anthu aone kuti ku Joni sindinapite kukasewera bawo.

Njinga iyi si ngati tathu tija tomwe oyilo amakhala malo amodzi. Iyi ndi patatu: injini payokha, giyabokosi payokha, kenako primary, momwe mumakhala tcheni ndi kilatchi. Lamulungu tinapita ku Harrismith pa N3, 120 njira yonse. Pobwerera, pa toll ya De Hoek nyutulo inayamba kuvuta. Pofika pa maloboti a ku Alberton njinga imafuna kumayenda ine nditagwira kilatchi. M'mawa mwake ndinasolola dipusitiki ya giyabokosi, gwa, kouma, kadontho kunsonga kokha. Ndinayala katoni pansi usiku wonse, mbee, ngakhale dontho. Utsi palibenso. Nditatsegula kachivundikiro kozungulira ka primary, oyilo khuthu pa nsapato, fungo lake ngati mazira owola.

Makaniko wina akuti titsegule giyabokosi yonse, ndipo mtengo womwe watchula ndi ndalama ya ulendo wonse. Kodi zimenezi n'zoona? Ndingafike nayo ku Malawi?

Yankho 1: Amwene, oyilo wosowa osadontha ameneyo ndi zakumudzi. Amva kuti mukubwera nayo, kkkk.

Makaniko wa ku Booysens: Achimwene, giyabokosi musatsegule kaye. Fungo mwanenalo ndi la oyilo wa magiya, monga 75W-90, ndiye kuti wachoka mu giyabokosi n'kusamukira mu primary. Njira yake nayi: shafti yaikulu ya giyabokosi ndi yoboola pakati, ndipo kandodo kokankha kilatchi kamadutsa mu dzenje limenelo. Mukathamanga nthawi yaitali osapumira, mpweya m'zipinda ziwirizi sumafanana mphamvu, oyilo amatsata dzenje lomwelo pang'onopang'ono. M'tauni simungazione, n'chifukwa chake zakudzidzimutsani pa N3. Zimakonda njinga zamtunduwu zoyambira 2017, makamaka za kilatchi ya hydraulic, ija yoyendera fuluwidi osati kebulo. Primary ikadzaza kilatchi imamira, n'kumakakamira. Khuthulani mbali zonse ziwiri mu jagi ya manambala. Giyabokosi imafuna pafupifupi malita 0.8, primary pafupifupi lita imodzi. Mutiuze zomwe mupeze.

Yankho 3: Muonenso oyilo wa injini, bwana. Akamachepa iyeyo primary n'kumadzaza, vuto ndi seal, labala yotchinga oyilo pa crankshaft, shafti yaikulu ya injini, nkhani ina imeneyo. Palinso sumping, pamene pampu ikulephera kubweza oyilo ku thanki n'kumadikha pansi pa injini. Pamenepo njinga imalemera ngati yakoka ngolo, n'kumatentha kwambiri. Zanuzi sizikumveka choncho.

Mlongo wa ku Turffontein: Alamu, bwanji osangokwera basi? Ikakufereni pakati pa Nyamapanda ndi Tete, dzuwa lija, sipeya yake mukaipeza kuti? Kumeneko a kabaza sadziwa n'komwe kuti primary n'chiyani.

Mwini funso: Achemwali mwanena zoona, koma mtima wakana basi. Amakaniko, ndakhuthula madzulo ano pa jagi ya madamu, ndipo mlandu wake sunathe. Primary yatulutsa malita 1.5, giyabokosi 0.3 yokha. Oyilo wa injini ali pamzere wake. Koma pa maginito ya bawuti yokhuthulira giyabokosi pali tizitsulo totuwa tofewa ngati phulusa lonyowa. Magiya ndawapha kale?

Makaniko wa ku Booysens: Masamu akwana, 0.5 yosowa uku ndi yomwe yapezeka uko. Tofewato musade nato nkhawa, maginito ntchito yake ndi imeneyo. Mukanapeza tizibenthu tolasa chala, tonga misere ya mpunga, ndikanati iwalani za ulendo. Ikitsani kapaipi kopumira pa primary, amati vent kit. Ena amasinthanso kandodo kaja n'kuika konenepa kuti mpata uchepe, koma ine ndimayamba ndi kapaipi. Mukatero thirani oyilo watsopano moyeza bwino, wa mu primary muzithira njinga itaima chilili, osati itatsamira pa sitandi. Kenako muthamange pa N1 mpaka Polokwane n'kubwerako, muyezenso.

Mwini funso: Zikomo akulu. Loweruka ndiyesa ya Polokwane. Nanga ikakhoza mayesowo, pa ulendo weniweni ndiziyeza pafupipafupi bwanji?

Makaniko wa ku Booysens: Paliponse mukumwetsa mafuta, dipusitiki kunja. Munyamule botolo la lita la oyilo wa magiya ndi kafanelo. Mukafika ku Musina mwapeza watsika, musawoloke Beitbridge.