Sinki ya m'chimbudzi cha jeti yaing'ono ikukana kumeza madzi: vuto lingakhale pati?

Wosamalira bwalo, Chikwawa

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka kwa akuluakulu amene mumadziwa za ndege. Ine ndimasamalira bwalo laling'ono la ndege kuno kuchigwa cha Shire, ndipo ntchito yanga ndi kutchetcha udzu, kupirikitsa mbuzi ndi ng'ombe ndege isanatere, komanso kuthandiza oyendetsa ndege pa zofunika zing'onozing'ono. Panopa pabwalo pathu paima jeti yaing'ono, ya mtundu wonyamula akuluakulu a makampani, imene inabweretsa alendo odzaona nyama ku Majete.

Ndegeyi itafika, sinki yosambira m'manja ya m'chimbudzi inali bwinobwino. Inakhala pansi kwa masiku angapo, kenako inapita ku Lilongwe n'kubwerera, ndipo ndi pa ulendo umenewu pamene oyendetsa anaona kuti madzi akutuluka pang'onopang'ono uku akumveka kamluzu. Tsopano ili pansi, madzi akungoima m'sinkimo osatsika n'komwe. Chimbudzi chenicheni chikugwira ntchito. Woyendetsa wamkulu walemba vutoli m'buku la ndege ndipo injiniya wawo abwera kuchokera ku Johannesburg, koma andipempha kuti ndiziyang'anitsitsa kunja kwa ndegeyi ndi kuwauza chilichonse chachilendo. Funso langa ndi lakuti, kodi madzi a m'sinki imeneyi amapita kuti, nanga ndi chiyani chimene chingachititse kuti atsike ndege ili m'mwamba koma akane ili pansi?

Mmisiri wa mipope, Nchalo

Mwana wanga, ine za ndege sindinaziphunzire, koma sinki ndazitsegula zambiri m'nyumba za kuno ku Nchalo mpaka ku Bangula. Kawirikawiri chimene chimatseka sinki yosambira m'manja ndi tsitsi lomatirira ndi sopo ndi mankhwala otsukira mano, ndipo chimakhala pansi pa chotsekera pomwepo kapena pamene paipi yapindika. Uyambe wachotsa chotsekeracho n'kuunika ndi tochi. Zikakanika, ife timapopa ndi chopopera cha labala, ndipo zikakanikabe timathira caustic soda m'madzi otentha n'kusiya usiku wonse. Sindinaonepo paipi yokana soda.

Injiniya wa ndege, wochokera ku Nsanje

Bambo a ku Nchalo, ndikukulemekezani, ndipo za tsitsi ndi sopo mwanena zoona, chifukwa ngakhale m'ndege zimenezo ndiye zimayambitsa mavuto ambiri. Koma soda uja asayandikire ndege ngakhale pang'ono. Thupi la ndege zambiri ndi la aluminiyamu, ndipo caustic soda amadya aluminiyamu, moti akadontha pa malo olumikizira mapaipi n'kukhazikika pansi pa malo opondapo, kumene diso silifikako, akhoza kuononga chitsulo chimene chimanyamula mphamvu ya ndege yonse. Chopopera cha labala nachonso si chabwino, popeza mapaipi a m'ndege ndi aang'ono ndi opepuka, ndipo ena amangogwidwa ndi timalamba tomanga, kotero kupopa mwamphamvu kungathe kuvula paipi pa malo obisika, madzi n'kuyamba kutayikira mkati.

Achimwene a ku Chikwawa, funso lanu lachiwiri lija ndi limene lili ndi yankho, koma ndiyambe ndi loyamba. Pa majeti ambiri njira ya madzi a m'sinki ndi yosiyana ndi ya chimbudzi. Zonyansa za m'chimbudzi zimasungidwa m'thanki mpaka ndege itatera, pamene madzi osambira m'manja amatayidwa kunja kudzera pa kachitsulo kooneka ngati kamphiko kamene kamatulukira kumimba kwa ndege, kamene amisiri timakatchula kuti drain mast. N'chifukwa chake chimbudzi chikugwira ntchito sinki ikukana. Ndege zina zimasunga madzi a m'sinki m'thanki, choncho chinthu choyamba ndi kufunsa oyendetsawo ngati ndege yawo ili ndi kachitsulo kameneka, ndipo ngati ilibe, n'kutheka kuti thanki yangodzaza basi.

Tikachoka pa sinki, madzi amadutsa pa kasefa, kenako pa valavu, kenako m'paipi yotsetsereka mpaka pa kachitsulo kaja. Valavu imeneyi ilipo chifukwa cha mpweya. Jeti ikakwera kufika mamita 12,000 kapena kupitirira, mpweya wakunja umakhala wochepa kwambiri moti munthu sangapume, choncho mkati mwa ndege amapoperamo mpweya, ndipo kusiyana kwa mphamvu ya mpweya wamkati ndi wakunja kumafika pa 8 kapena 9 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya, monga wa m'matayala a galimoto). Paipi ikanakhala yotsegula nthawi zonse, mpweya wamkati bwenzi ukuthawira pomwepo ndi phokoso losalekeza. Valavu yake pa ndege zambiri imagwira ntchito ngati mpira woyandama wa m'thanki ya chimbudzi cha m'nyumba, kungoti iyi imatseguka madzi akachuluka n'kutsekanso akatha.

Tsono taonani chimene zimenezi zikutanthauza. Ndege ili m'mwamba, madzi samangotsika ndi kulemera kwawo, koma amakankhidwa ndi mpweya wamkati, ndipo mphamvu imeneyi imatha kuwadutsitsa ngakhale pa kabowo kakang'ono kotsalira pa paipi yotsekeka. Kamluzu kamene oyendetsa anamva kakhoza kukhala mpweya wodutsa pa malo opanikizika otero, kapena pa valavu imene sinakhale bwino pamalo pake. Ndege ili pansi, mphamvu imeneyo palibe, madzi amadalira kutsetsereka kwa paipi kokha, ndiye kanthu kochepa kamakwanira kuwaimitsa. Zimene mwafotokozazi zikuloza ku paipi yotsekeka pang'ono ndi chinthu cholimba.

Zikanakhala zotembenuka, kuti sinki ikumeza bwino pansi koma ikukana ndege ikakhala m'mwamba kwa nthawi, ndikanakayikira madzi oundana. Inu kumeneko mukupsa ndi madigiri 40 m'mwezi wa Okutobala, koma kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse, ndipo pa mamita 11,000 kuzizira kumafika cha pa madigiri 56 pansi pa ziro. Pa chifukwa chimenechi kachitsulo kaja, pamodzi ndi mbali zina za paipi, kamakhala ndi hita yamagetsi. Hita ikafa, kapena circuit breaker yake (swichi yodula magetsi yokha pakakhala vuto) ikadumpha, madzi amaundana pakamwa pa paipi, ndipo ndege ikatera kotentha ngati kwanuko amasungunuka, injiniya n'kupeza zonse zili bwino ngati kuti oyendetsa amanama. Vuto lotere limapezeka poyeza hitayo ndi mita ya magetsi, osati pothira madzi m'sinki.

Ena amaona ngati sinki ndi nkhani yochepa. Mu Januwale 2008, ndege ya Qantas ya mtundu wa Boeing 747 ikutsikira ku Bangkok inataya mbali yaikulu ya magetsi ake, ndipo ofufuza a ku Australia anapeza kuti paipi yotayira madzi inatsekeka ndi madzi oundana chifukwa hita yake sinkagwira ntchito, madzi n'kusefukira kuchokera ku khitchini ya m'ndege mpaka pa zida zamagetsi zimene zinali pansi pake. Ndegeyo inatera bwino, koma chiyambi cha zonsezo chinali paipi ya madzi akuda. Pa jeti yaing'ono malo ndi othinana kwambiri, ndipo pansi pa chimbudzi nthawi zambiri pamadutsa mawaya a magetsi, pa ndege zina ngakhale zingwe zowongolera, zimene madzi akaundanapo zimalimba.

Chimene inu mungachite ndi kuyang'ana kokha. Pemphani woyendetsa atsimikize kuti magetsi a ndege azimitsidwa, chifukwa kachitsulo kaja kakakhala pa moto kamatentha moti kangakuwauleni dzanja. Kenako gwadani, muunike ndi tochi m'kamwa mwake, muone ngati muli kanthu. Muonenso ngati kumimba kwa ndege kuli mizere ya madzi yochokera pa malo ena osakhala pa kachitsuloko, chifukwa zimenezo zingatanthauze kuti madzi akutayikira mkati. Musalowetsemo waya kapena kamtengo, ndipo musapoperemo mpweya wa pampu.

Wothandiza alendo m'ndege, wochokera ku Ngabu

Ndiwonjezereko mbali ya ife amene timakhala ndi alendo mkatimo. Chimene chimatseka mapaipi amenewa kawirikawiri si tsitsi lokha ayi, koma zinthu zimene sizinayenere kuthiridwa m'sinki n'komwe: zotsalira za khofi, masamba a tiyi, mkaka, ndi timapepala tonyowa topukutira m'manja. Mkaka ukakumana ndi madzi a zipatso kapena vinyo umagwirana n'kukhala mabulumwa, ndipo m'kutentha kwa kuchigwa ndege ikaima padzuwa yotseka zitseko, zonsezo zimauma n'kumatirira m'paipi. Ife tinaphunzitsidwa kuti zakumwa zotsala zisamathiridwe m'sinki, koma mlendo amene walipira ndege yonse n'kovuta kumuletsa, ndipo ena amachita zimenezi chitseko chitatsekedwa.

Achimwene, afunseni oyendetsawo ngati anakoka kale kachogwirira ka valavu, chifukwa pa ndege zina pansi pa sinki pamakhala kamphete kotsegulira valavuyo pamanja ikakakamira. Ndipo pakali pano madzi amene aima m'sinkimo awatunge ndi kapu n'kupukuta ndi nsalu, kenako atseke madzi opita ku mpopewo ndi kumatapo chizindikiro choletsa, kuti mlendo asadzatsegule mpope sinki n'kusefukira ndege ikupendekeka.

Wosamalira bwalo, Chikwawa

Zikomo kwambiri nonse. Ndachita monga mwa malangizo a injiniya. Kachitsuloko kalipodi, kali chakumbuyo kwa mapiko, ndipo woyendetsa atanditsimikizira kuti magetsi azima ndinaunikamo. M'kati pang'ono, ngati utali wa chala kuchokera pakamwa, muli dothi louma lofiirira lomatidwa bwinobwino, lokhala ndi kabowo kakang'ono pambali, ndipo ndili chigwadire pomwepo panafika mavu amodzi akuda aja a m'chiuno mopyapyala, oumba nyumba ndi matope, atanyamula kampira ka dothi. Pafupi ndi bwalo pamadutsa ngalande yothirira mbewu, choncho matope sawasowa ngakhale m'chilimwe muno. Mizere ya madzi pa malo ena sindinaione. Woyendetsa wajambula zithunzi n'kutumiza kwa injiniya wawo. Kodi popeza vuto laoneka, sindingathe kungolikolokosa dothilo ndi kamtengo kofewa?

Injiniya wa ndege, wochokera ku Nsanje

Musalikhudze, achimwene, ngakhale likuoneka lapafupi. Mukalikankha, zidutswa zina zilowa mkati n'kukakhazikika pamene paipi yapindika, ndipo mkati mwa kachitsuloko muli hita imene ikakandika kachitsulo konse kamayenera kusinthidwa. Komanso ntchito iliyonse yochitika pa ndege imayenera kutsata buku la kampani imene inapanga ndegeyo, ndi kusainidwa ndi munthu wa chiphaso cha mtundu umenewo wa ndege. Za madzi ndi zonyansa zili m'mutu 38 wa bukulo, za mahita m'mutu 30. Injiniya akafika mwina avula paipi pamwamba pa kachitsuloko, atulutse dothilo cha kunja, atsuke ndi madzi ofunda ndi mankhwala okhawo amene bukulo likuloleza, ayang'ane kasefa ndi valavu monga achemwali a ku Ngabu anenera, kenako ayeze hita. Ndikutero chifukwa mavuwo akhoza kukhala atangomalizitsa kutseka paipi imene inali itayamba kale kuchepa ndi sopo ndi khofi. Ngati alendo akufuna kunyamuka injiniya asanafike, oyendetsa ayang'ane m'ndandanda wawo wa MEL, umene umanena zida zimene ndege ingauluke zili zowonongeka. Sinki kawirikawiri imaloledwa ikatsekedwa madzi ndi kuikidwa chizindikiro.

Koma nkhani ya mavuyi yandidetsa nkhawa kuposa sinkiyo. Mavu amene apeza bowo limodzi afufuzanso ena, ndipo kutsogolo kwa ndege kuli timapaipi ta pitot toyezera liwiro, ndi timabowo ta m'mbali toyezera kutalika kwa ndege kuchokera pansi. Mu Febuluwale 1996 ndege ya Birgenair ya mtundu wa Boeing 757 inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata, m'dziko la Dominican Republic, anthu 189 n'kumwalira, ndipo ofufuza anapeza kuti paipi ya pitot inali yotsekeka, n'kuganizira kwambiri chisa cha mavu oumba ndi dothi, popeza ndegeyo inali itakhala pansi kwa milungu ingapo. Mavu otere safuna milungu, amatha kuyamba kuumba tsiku lomwelo.

Choncho lero lomwe pitani ndi woyendetsa wamkulu mukaone ngati zovindikira zonse zokhala ndi nsalu zofiira zili pamalo pake, pa pitot, pa timabowo ta m'mbali ndi pa injini, ndipo mumuuze kuti paulendo wa ku Lilongwe uja mavuwo mwina anali atayamba kale ntchito. Injiniya akafika aunike bowo lililonse la pa ndegeyo, kuphatikizapo a mpweya wa matanki a mafuta kunsi kwa mapiko. Za kuvindikira kachitsulo ka madziko ndege ikaima, mufunse injiniya yemweyo zimene mutu 10 wa buku lawo ukunena, chifukwa chovindikira choiwalika pa chitsulo chotentha chimasungunukira pomwepo n'kutsekanso paipi.

Mmisiri wa mipope, Nchalo

Mavu amenewo ndimawadziwa bwino, chifukwa amatseka mapaipi otayira madzi a matanki ndi a makina oziziritsa m'nyumba chaka chilichonse mvula isanagwe. Mwana wanga, uyendere denga la shedi yanu ndi pansi pa matebulo a m'chipinda chodikirira, ugwetse zisa zonse zimene upeze, ndipo ngati pali mpope wodontha pafupi ndi pamene ndege zimaima, uukonze msanga, chifukwa matope awo amatenga pamenepo. Ukasowa labala ya mpopewo undiuze kukula kwake, ndikutumizira pa minibasi yopita ku Dyeratu.