Makumba anga aja a chiwindi chotuwa: mmene zathera

Ndabwera kudzathokoza nonse amene munandiyankha. Kwa amene simunaone funsolo: ndikatumbula makumba a m'damu langa ndinkapeza chiwindi chotuwa, chotupa ndiponso chofewa, mafuta ali tho m'mimba, koma nsombazo zosakula bwino. Chakudya ndimapanga ndekha, ndipo nthawiyo chinali cha madeya, soya wokazinga ndi zotsalira za mtedza.

Ndinatsatira bambo aja amene anati ndiyambe ndachepetsa mafuta ndisanagule chilichonse. Mtedza ndinachotsa, soya n'kumagula wofinyidwa kale mafuta. Kenako ndinawonjezera premix ya nsomba (ufa wa mavitamini ndi michere wosakaniza m'chakudya) yokhala ndi choline ndi vitamini E, pa mlingo wolembedwa pa paketi. Choline amathandiza kuti mafuta azichoka m'chiwindi n'kukagwira ntchito m'thupi. Akasowa, mafutawo amangounjikana mmenemo. Vitamini E amateteza chiwindi ku mafuta owonongeka a m'chakudya chokhalitsa.

Patapita miyezi ingapo ndinatumbulanso. Nsomba zazing'ono chiwindi chafiira bwino ndipo n'cholimba. Zikuluzikulu zasintha pang'ono chabe, ndiye musayembekezere zodabwitsa pa nsomba zoti zatsala pang'ono kukololedwa.

Mayi amene munatchula za chuku, munanena zoona. Chimanga ndi mtedza wa chuku zimatha kukhala ndi aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi, ndipo premix sangachotse zimenezo. Panopa ndimapanga chakudya chochepa n'kuchisunga pouma, thumba losagunda pansi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndimachepetsanso chakudya, chifukwa makumba sadya kwambiri madzi akazizira.