Ndithandizeni, ana sakumvetsa kuzizira kwa m'nkhani ya Jack London

Moni aphunzitsi anzanga nonse, ndikhulupirira mwadzuka bwino.

Ndimaphunzitsa Chingerezi Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mulanje. Teremu ino tikuwerenga nkhani yaifupi ya Jack London, "To Build a Fire", ya 1908 ija, yonena za munthu amene akufa ndi kuzizira ali pa ulendo ndi galu wake. Vuto ndi loti ana sakuona chimene chikumupha munthuyo. Wina anachita kundifunsa kuti, "Madamu, kuzizira kokha basi? Osangofunda bwanji?"

Ndinayesa kuwakumbutsa za chiperoni cha mu June, momwe zala zimaumira pothyola tiyi m'mamawa. Ndinawauzanso za anthu amene amasochera ku Sapitwa nkhungu ikatseka. Apo anagwira ndithu mfundo ya munthu wamakani amene wakana malangizo a mkulu oti asayende yekha. Koma ku Yukon, dera la ku Canada kumene nkhaniyi ikuchitikira, akunena madigiri 75 Fahrenheit pansi pa ziro, pafupifupi -59 Celsius, moti malovu akuuma asanafike pansi. Ndinabweretsa ayezi m'chidebe kuti aliyense agwire kenako ayese kuyatsa machesi, koma ayeziyo anasungunuka ana ambiri asanagwire.

Pandivuta kwambiri ndi pamene chipale chofewa chikugwa mumtengo n'kuzimitsa moto. Sanachionepo, projekita tilibe, ndipo makope ndi ochepa, akumawerenga anayi pepala limodzi. Chikundiwawa chifukwa nkhaniyi ndi yabwino, ndipo galu uja akumukonda kale.

Inu amene munaiphunzitsapo, munayamba bwanji kuti ana amve kuzizirako m'thupi? Nanga munaigawa m'mapiriyodi angati? Chonde ndithandizeni, tikupitiriza Lolemba.