Suzi yofiira yang'ambika kutali ndi tauni, eni mudzi akundiitanira kunyumba: ndisiye lole?

Wa kontena: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru kusanade. Ndili m'dziko la eni ndi kontena ya thiranziti (katundu wongodutsa m'dzikomo), ndipo suzi yofiira, paipi ya mpweya wa mabuleki yochokera ku lole kupita ku thelela, yang'ambika pafupi ndi kapulini, polumikizira pake. Mpweya wathawa, mabuleki a thelela agwira. Mwamwayi ndimayenda pang'onopang'ono, moti yaimira m'mbali mwa msewu ndipo mathirayango ochenjeza ndaika kutsogolo ndi kumbuyo. Makanika wa kampani akuti afika mawa masana. Anthu a m'mudzi wapafupi abwera, andipatsa madzi, ndipo bambo ena achikulire akuti ndikagone kwawo poti pano usiku pamazizira. Chilankhulo tikumvana movutikira, koma akuoneka a mtima wabwino. Ndikakana ndiwakhumudwitsa, ndikavomera katundu atsala yekha. Nditani?

Madala a thanka: Mwana wanga, lole sasiya. Zikomo uwapatse ndi manja awiri, koma tulo ugone m'kebini. Anthuwo sindikuwakayikira ayi. Vuto ndi lakuti amene akukuitana si okhawo amene aona kuti galimoto yafa. Msewu umadutsa aliyense. Silo, chidindo cha nambala chomangidwa pa zitseko za kontena, ikadulidwa iwe uli m'nyumba ya munthu, woyamba kugwidwa ndi apolisi adzakhala bambo amene anakuchitira chifundowo. Uwafotokozere zimenezo. Munthu wamkulu amamva msanga ukamuuza kuti ukuteteza dzina lake.

Makanika: Achimwene, tiyambe ndi galimotoyo, mwina mawa masana n'kutali chabe. Yofiira ndi imene imadzaza matanki a thelela, yachikasu ndi imene imanyamula lamulo mukaponda buleki. Yofiira ikaduka, thelela imadzimanga yokha, anaipanga dala kuti izitero. Ndiye palibe china chafa. Imitsani lole iliyonse yodutsa, ambiri amayenda ndi suzi yapadera. Kapulini yake ikasiyana ndi yanu, masulani yanu pa suzi yakaleyo muimange pa yatsopano. Chimene ndikukupemphani n'chimodzi: wina asakunyengerereni kumasula masipuling'i a mabuleki kuti muikokere pena. Mukatero thelela yodzaza ilibenso choigwira. Ikani zopinga kumatayala pompano.

Wa ku ofesi ya mayendedwe: Bwana dalaivala, jambulani zithunzi kuwala kusanathe: silo nambala yake ikuoneka bwino, zitseko, suzi yong'ambikayo, geji ya dizilo ndi makilomita. Tumizani ku ofesi kwanu pamodzi ndi malo amene muli. Katundu wa thiranziti amakhala ndi masiku ake oti atuluke m'dziko ndi msewu wake woti adutse. Mukachedwa popanda umboni, a kasitomu sadzamvera nkhani ya pakamwa. Ejenti wanu wa mapepala a pa boda adziwe lero lomwe kuti awadziwitse, ndipo ngati pali polisi pafupi, kalata yawo yosonyeza kuti galimoto inafa imathandiza kwambiri pa boda.

Mayi wa fulatibedi: Ine ndisiyana pang'ono ndi madala, osati pa zogona m'kebini, pamenepo tagwirizana. Ndikuopa kuti mnyamatayu amva ngati akuuzidwa kuti adzitsekere n'kukweza magalasi. Ayi. Ulendo wautali sutheka popanda anthu a m'njira. Inenso galimoto inandiferapo malo opanda netiweki, ndipo amene anayenda mtunda kukandiimbira foni anali mayi amene sindinawaonepo chibadwire. Ndikanawatsekera chitseko ndikanakhala pamenepo mpaka liti?

Chimene ndimachita ine n'kuwapempha kuti ulemu wawowo aubweretse pa galimoto. Ngati akonza chakudya, tidyere limodzi pambali pa lole, kukadali kowala, anthu akuona. Ndimafunsa mkulu wa mudzi, ndimamuonetsa nkhope yanga, ndimamuuza kumene ndikuchokera ndi kumene ndikupita. Kuyambira pamenepo sindinenso galimoto yachilendo imene yangoima, ndine mlendo wawo, ndipo wofuna kupopa dizilo amaganiza kawiri.

Madala a thanka: Mwanena bwino amayi, ndavomera. Ndingowonjezera za chakudyacho. Chimene mukudyera mbale imodzi ndi eni ake, idya. Chakumwa chotsegula kale chimene wakupatsira munthu wobwera yekha usiku, makamaka amene akufunsa kuti m'kontenamo muli chiyani, chikane mwaulemu. Madalaivala agonekedwapo ndi mankhwala n'kudzuka thanki itauma gwa. Mowa usaulawe n'komwe, ngakhale akuumirize. Za katundu uzingoti pepala lili ndi ofesi.

Wa kontena: Zikomo nonse. Dalaivala wina wa dziko loyandikana waima yekha ataona mathirayango. Anali ndi suzi yapadera, tasintha kapulini monga mwanenera a makanika. Mpweya wakwera, mabuleki amasuka. Ndalama wakana, wangotenga nambala yanga. Koma kwada, ndipo kampani yathu imaletsa kuyenda usiku, ndiye ndigona pompano. Bambo aja amvetsa, akuti ana awo awiri alondera. Abweretsanso makala amoto kuti ndiwothe.

Makanika: Makalawo asalowe m'kebini, chonde. Utsi wake woopsa, carbon monoxide, ulibe fungo, munthu amangogona osadzukanso. Wothani panja, kutali ndi thanki ya dizilo, mukamakagona azimitsidwe. Za suziyo, dzazani mpweya mpaka kompulesa idule yokha, zimitsani injini, mvetserani. Pakani madzi a sopo pamene mwamangapo. Thovu likamafufuma ndiye kuti pakutulukabe. M'mawa geji ikapezeka yatsika kwambiri, musanyamuke.

Wa firiji: Dalaivala wakupatsani suziyo musamuiwale, achimwene. Sungani nambala yake, mugule ina yatsopano, mukadzakumana pa boda mudzamubwezere. Akadzakana, muziyenda nayo kuti mudzapatse wina. Paja kupatsa n'kuika. Nambala zoterozo ndi zimene zimakuuza kuti mlatho wakutiwakuti wasefukira kapena mzere pa boda wafika pati, ofesi isanadziwe n'komwe.

Wa kontena: Ndamva. Nanga eni mudziwa ndiwathokoze bwanji? Mmodzi wa anyamatawo wafunsa dizilo pang'ono. Winayo akuti mawa ndimutengeko mpaka m'tauni, ali ndi m'bale wake kuchipatala. Apa ndiye mtima wandiwawa, poti andichitira zambiri.

Wa ku ofesi ya mayendedwe: Dizilo ayi, ngakhale lita imodzi. Si wanu, ndipo magalimoto ambiri masiku ano ali ndi kachipangizo m'thanki kamene kamaonetsa ku ofesi mafuta akatsika injini ili chizimire. Chifundo chanu chidzalembedwa ngati kuba. Za ulonda zili ndi njira yake: imbani, nenani kuti mwapeza alonda awiri, mugwirizane ndalama, alembe mayina ndi kusaina pa pepala. Maofesi ambiri amabweza zoterozo zikanenedwa nthawi isanapite.

Mayi wa fulatibedi: Ndalama ya alonda ipite kwa anyamatawo poyera. Koma bambo achikulirewo musawapatse ndalama m'manja ngati mukulipira chakudya, angaone ngati mwawasandutsa ogulitsa. Perekani kanthu kochokera m'zanu za paulendo kwa mayi a pakhomopo, mutsanzike bwino m'mawa, ndipo tsiku lina podutsa muime, ngakhale mphindi zochepa.

Za wodwalayo n'zowawadi, ndikumvetsa. Koma ngati kampani imaletsa kukweza anthu, inshuwalansi ingakane kulipira ngozi ikachitika, ndipo wovutika adzakhala mnyamata yemweyo ndi banja lake. Imbani ku ofesi muwafotokozere, mwina angalole mwa kulemba poti ndi tauni ya m'dziko lomwelo. Akakana, mulipirireni basi ya m'mawa, muime naye pamsewu mpaka akwere.

Madala a thanka: Ndipo akalola, umutsitse m'tauni momwemo, asayandikire nawe boda. Munthu wopanda mapepala akapezeka m'kebini pamenepo, mlandu wake ndi wozembetsa anthu. Chimodzimodzi phukusi lomata loti ukapereke kwa m'bale kutsidya: alitsegule pamaso pako, apo ayi lisakwere. Usanalize injini m'mawa, zungulira galimoto ndi tochi, uone silo, chivindikiro cha thanki, mabatire ndi pansi pa thelela, poti ana amakonda kubisala pamenepo.