Mwana akubadwa mu February, mpikisano uli mu June: kodi ndipitirize kukonzekera triathlon?

Wa_ku_Umbilo walemba:

Moni nonse abale ndi alongo. Ndine Mmalawi wokhala mumzinda wa Durban, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munadutsapo kale pamene ine ndikufika tsopano. Miyezi 6 yapitayo ndinayamba kuphunzira masewera a triathlon, amene munthu amayamba ndi kusambira, kenako n'kupalasa njinga, n'kumalizira ndi kuthamanga, zonsezi motsatizana popanda kupumula. Kuthamanga ndinazolowera kale chifukwa Loweruka lililonse m'mawa ndimapita ku parkrun ya makilomita 5, njinga ndinakula nayo kumudzi, koma kusambira ndaphunzira ndili wamkulu kale pa dziwe la Kings Park, ndipo panopa ndimatha mamita 800 osaima. Chimene chinandikopa n'chakuti Henri Schoeman, amene anapata mendulo ya bronze pa masewera a Olympics a ku Rio mu 2016, ndi mwana wa mumzinda womwe uno, ndiye ndinkaona kuti nyanja ndi misewu imene iye anakuliramo ili pafupi ndi khomo langa.

Mtima wanga unali pa mpikisano wa Ironman 70.3 wa kuno ku Durban, umene nthawi zambiri umachitika mu June. Munthu amasambira makilomita 1.9 m'nyanja, amapalasa makilomita 90, kenako amathamanga makilomita 21.1. Ndondomeko imene ndikutsatira ikufuna kuti kuyambira mu March ndizipatula maola pafupifupi 10 pa sabata, kuphatikizapo ulendo wautali wa panjinga Lamlungu lililonse.

Nkhani ndi yakuti akazi anga ndi oyembekezera, ndipo mwana wathu woyamba akuyembekezeka pakati pa February. Apongozi anga adzabwera kuchokera ku Ntcheu kudzatithandiza kwa mwezi umodzi, ndipo akabwerera tidzatsala awiriwiri, popeza kuno tilibe achibale. Ndalama yolembetsera mpikisano sindinalipirebe. Kodi alipo amene anakwanitsa kukonzekera mpikisano wotere ali ndi khanda m'nyumba? Ngati n'zotheka, nthawi ankaipeza bwanji? Ngati n'zosatheka, ndingachite chiyani kuti zimene ndaphunzira, makamaka kusambira, zisandithawe?

Bambo_wa_mapasa walemba:

Achimwene, choyamba ndikuyamikireni inu ndi alamu chifukwa cha mphatso imene ikubwerayo. Ine ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndinayesa zimene mukufuna kuchitazi, kotero ndikuuzani mmene zinandiyendera, ngakhale kuti kwathu kunabadwa ana awiri nthawi imodzi ndipo ntchito inali yochuluka kuposa imene mudzakhale nayo.

Pamene ndinkakonza ndondomeko yanga ndinkawerengera maola, ndipo maolawo ankapezeka ndithu papepala. Ndinkati ndikadzuka 4 koloko m'mawa ndidzakhala nditabwerako ana asanadzuke. Chimene sindinkadziwa n'chakuti khanda silidziwa kusiyana kwa usiku ndi usana. M'masabata oyambirira mwana amayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, ndiye kuti usiku umaduka zidutswa za maola awiri kapena atatu, ndipo pakati pake pali kusintha thewera, kumunyamula paphewa kuti ageye, ndi kumutonthoza mpaka agone. Ola la 4 koloko limene ndinkati ndi langa linali lomwe mayi a ana ankafunikira kwambiri kuti wina awalandire mwana n'cholinga choti atsekeko maso.

Thupi nalo linakana. Mphamvu za wothamanga sizibwera pa nthawi imene akuthamangayo ayi, zimabwera pamene akupumula, makamaka m'tulo, chifukwa ndi pamene minofu imadzikonzanso. Ine ndinkawonjezera makilomita sabata iliyonse pamene tulo tikucheperachepera, ndipo pofika sabata yachisanu ndi chimodzi ndinayamba kudwala chimfine chosatha, mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene unatupa, ndipo tsiku lina ndinazindikira kuti ndikusinza ndili panjinga mumsewu wodzaza ndi magalimoto. Tsiku limenelo ndinatsika n'kuyikankha njingayo mpaka kunyumba. Mpikisano sindinapiteko, ndipo ndalama imene ndinalipira inapita.

Langizo langa ndi lakuti 70.3 ya chaka chino muisiye. Mpikisanowu umabweranso chaka ndi chaka, ndipo munthu amene akusambira mamita 800 pa dziwe akufunikabe nthawi yokwanira kuti azolowere mafunde a m'nyanja asanayese makilomita 1.9 pakati pa khamu la anthu amene akumenyana zigongono. M'malo mwake yang'anani mpikisano waufupi umene amautcha sprint, wa mamita 750 osambira, makilomita 20 a njinga ndi makilomita 5 othamanga, ndipo musankhe wochitika chakumapeto kwa chaka pamene mwana ali ndi miyezi 8 kapena 9. Ine ndinakonzekera wotere ndi maola anayi okha pa sabata ndipo ndinamaliza bwinobwino.

Mayi_wosambira walemba:

Bambo a ku Umbilo, ndawerenga funso lanu kawiri ndipo ndaona kuti mwatiuza za ndondomeko yanu, za dziwe, za apongozi ndi za ndalama yolembetsera, koma simunatiuze zimene akazi anu anena pa nkhaniyi. Sindikunena izi pofuna kukudzudzulani, chifukwa kufunsa kwanuku kukusonyeza kuti ndinu munthu woganizira banja. Ndikunena chifukwa ola lililonse limene mudzakhale panjinga lidzachokera kwa munthu wina, ndipo munthuyo ndi mayi amene wangobereka kumene. Kumudzi mayi akatuluka m'chikuta amapeza azakhali, achemwali ndi anansi okonzeka kumutungira madzi ndi kumunyamulira mwana, koma m'nyumba za lendi za m'tauni ya dziko la eni mayi amatsala yekha ndi khanda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukapita paulendo wa maola anayi Lamlungu, ndiye kuti tsiku limodzi lokha limene akanapumako lapitanso.

Ine ndakhala ndikuchita triathlon kwa zaka zingapo ndipo ndili ndi ana awiri, wachiwiri ndinabereka kudzera mu opaleshoni. Ndikufuna mudziwe zimene thupi la mayi limadutsamo kuti muwerengere bwino. Achipatala amamuonanso mayi pakatha masabata 6, ndipo akatswiri olimbitsa minofu amalangiza kuti asayambe kuthamanga miyezi itatu isanakwane, chifukwa minofu ya m'chiuno ndi ya pamimba imatenga nthawi kuti ibwerere m'malo mwake. Ngati pachitika opaleshoni, m'masabata oyambirira saloledwa kunyamula chinthu cholemera kuposa mwanayo, ndiye kuti ndowa ya madzi, beseni la zovala ndi katundu wa kusitolo zonse zidzakhala zanu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, ndipo ntchito imeneyo simungawalandire, koma zina zonse mungathe. Palibe amene angadziwiretu kuti kubereka kudzayenda bwanji, n'chifukwa chake sindikanalipira mpikisano uliwonse mwana asanabadwe.

Palinso chinthu china chimene abambo ambiri sauzidwa. Amayi ambiri amakhala okhumudwa ndi olira pafupipafupi m'masiku oyambirira, ndipo zimenezi nthawi zambiri zimatha zokha pasanathe masabata awiri. Koma zikapitirira, mayi akumalephera kugona ngakhale pamene mwana wagona, akumakana chakudya kapena akumanena kuti sali mayi wabwino, pamenepo pafunika kupita naye kuchipatala mwamsanga. Munthu woyamba kuona zizindikirozi ndi mwamuna amene ali pakhomo ndipo maso ake ali pa mkazi wake. Mwamuna wotopa ndi makilomita 90 amafika n'kugona.

Chimene chinatithandiza ife chinali kugawana nthawi mofanana. Bambo a kunyumba akapita kothamanga kwa ola limodzi, nanenso ndinkalandira ola langa tsiku lomwelo, ndipo ola limenelo silinali lochapira kapena lophikira. Poyamba ndinkangogona, pambuyo pake ndinayamba kuyenda pansi, ndipo achipatala atandilola ndinabwerera m'dziwe. Mukhale pansi ndi akazi anu sabata ino, mimba isanafike pothera, ndipo muwafunse chimene iwo angakonde kuchita ndi ola lawo.

Mpalasi_wakale walemba:

Ndikugwirizana ndi amene alankhula kale kuti 70.3 idikire, koma sindikufuna kuti achimwenewa achoke pano ndi maganizo oti ayenera kusiya zonse. Bambo amene amatuluka thukuta pang'ono amakhala woleza mtima m'nyumba kuposa amene wakhala miyezi itatu osachita chilichonse, ndipo zimenezi zimapindulira mayi ndi mwana yemwe.

Masabata awiri kapena atatu oyambirira musachite kanthu, ndipo musadandaule, chifukwa mphamvu zimene mwamanga pa miyezi 6 sizingathere pamenepo. Zikachepa pang'ono zimabwerera msanga. Mwezi umene apongozi alipo musautenge ngati mwayi wothawira panjinga, koma muugwiritse ntchito pophunzira kwa iwo kusambitsa mwana, kumubereka kumsana ndi kumutonthoza, popeza akakwera basi yobwerera kumudzi ntchitozi zidzakhala m'manja mwanu.

Mukayambiranso, pa masewera atatuwa musamale kwambiri kusambira, chifukwa ndi kumene mwaphunzira posachedwa ndipo luso lake limazilala msanga munthu akatalikirana ndi madzi. Mphindi 30 kawiri pa sabata n'zokwanira, ndipo ngati kuntchito kwanu kuli pafupi ndi dziwe muzipita nthawi ya nkhomaliro kuti musadye nthawi ya pakhomo. Njinga ndi imene imadya maola ambiri, choncho mupeze trainer, chida chimene mumamangirirapo njinga n'kumapalasa muli m'nyumba. Zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka pa mtengo wotsika. Mphindi 40 zopalasa mwamphamvu pa trainer zimapindula kwambiri, ndipo mwana akalira mumangotsika. Kamodzi pa sabata, mukatsika panjingapo muvale nsapato n'kuthamanga mphindi 10 nthawi yomweyo, kuti miyendo izolowere kulemera kumene kumabwera munthu akachoka pa kupalasa n'kuyamba kuthamanga.

Za kuthamanga mukukankha mwana pachikuku, musafulumire. Khosi la khanda silinalimbe, ndipo malangizo ofala ndi oti mudikire mpaka mwana atakwanitsa miyezi 6 ndipo akutha kuimika mutu bwinobwino, kenako mufunse kusikelo musanayambe. Pamenepo njira ya m'mphepete mwa nyanja ku Durban, imene ili yosalala ndiponso yopanda zitunda, idzakhala malo abwino kwambiri kwa nonse atatu. Lamulo limene ine ndinkatsatira linali lakuti usiku umene ndagona maola osakwana asanu, m'mawa mwake sindinkachita zolimbitsa thupi zamphamvu ndipo sindinkakwera njinga pamsewu.

Mukafika poyeserera m'nyanja, musalowe nokha, muzisambira pamene pali opulumutsa anthu, ndipo muziyamba mwaona ngati gombe lake latsegulidwa, popeza chichitikire chigumula cha mu April 2022 magombe ena a Durban akhala akutsekedwa nthawi zina chifukwa cha kuipa kwa madzi. Matenda a m'mimba si chinthu chobwera nacho m'nyumba muli khanda.

Wa_ku_Umbilo walemba:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. A Mayi_wosambira, mawu anu andikhudza, chifukwa n'zoona kuti akazi anga ndinangowauza za mpikisanowu ngati chinthu chotha kale, sindinawafunse. Dzulo madzulo tinakambirana kwa nthawi yaitali. Anandiuza kuti sankafuna kundiletsa chifukwa aona mmene masewerawa andisinthira thanzi, koma ankachita mantha akaganiza za Malamlungu a mu April ndi May, pamene mayi awo adzakhale atabwerera kumudzi.

Tagwirizana kuti 70.3 sindilembetsa chaka chino. Kufikira mwana atabadwa ndipitiriza kusambira katatu pa sabata kuti ndifike mamita 1,000, ndipo foni yanga izikhala kwa woyang'anira dziwe kuti andiitane ngati kunyumba kwachitika chilichonse. Za sprint tidzakambirananso mwana akakwanitsa miyezi itatu, tikaona mmene iye ndi mayi ake akupezera. Akazi anga anena kuti ola lawo loyamba adzalifuna la tulo, ndipo pambuyo pake akufuna kuti ndidzawaphunzitse kusambira.

A Mpalasi_wakale, ndili ndi funso limodzi pa za trainer ija. Tikukhala m'nyumba ya chipinda chimodzi pansanjika yachiwiri. Kodi phokoso lake silingadzutse mwana kapena kusokoneza anansi a pansi pathu?

Mpalasi_wakale walemba:

Zimatengera mtundu wake, achimwene. Imene tayala lakumbuyo limagudubuzika pa kachitsulo imalira ndithu, makamaka ngati tayalalo lili ndi mano ngati la njinga ya m'mapiri, ndiye muikepo tayala losalala. Imene mumachotsa wilo lakumbuyo n'kulumikiza tcheni mwachindunji imakhala yachete kwambiri koma ndi yokwera mtengo. Chimene chimavutitsa anansi kawirikawiri ndi kunjenjemera kumene kumadutsa pansi, choncho muyale mphasa yochindikala ya labala ndipo musaigundike kukhoma. Muiyese panopa mwana asanabadwe, mupemphe alamu akhale m'chipinda chogona atatseka chitseko kuti akuuzeni mmene ikumvekera, kenako mutsike mukafunse anansiwo nthawi imene iwo amadzuka.