F-250 yanga ikumwa petulo ndikakoka skid steer, ndisinthe ndigule ya dizilo?

Wa F-250, South Bend: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanawononge ndalama. Ndili ndi pikapu ya Ford F-250 ya 2021, injini ya petulo ya 7.3, magiya 10. Ndinaigula kwa munthu miyezi isanu yapitayi kuti ndizikokera skid steer, kathirakitala kakang'ono ka bakete kutsogolo, kupita nayo kumene ndapeza ntchito yosalaza malo. Thirela ndi ya maekiselo awiri, yolembedwa mapaundi 14,000. Ndikakoka, kompyuta ya pa dashibodi ikumandionetsa mamailosi 5.8 pa galoni. Thanki ya magaloni 34 sikundifikitsa ngakhale mamailosi 200. Pa msewu waukulu wa I-80/90 ikangoona kamtunda pang'ono, injini ikulira mpaka 4,000 rpm (kuzungulira kwake pa mphindi imodzi), magiya akungosinthasintha. Mtima wanga uli pa dizilo tsopano. Amene munadutsamo, ndiuzeni.

Wa Ram, Columbus: Achimwene, petulo pa ntchito imeneyo ndi kudzizunza. Yanga ndi Ram ya injini ya dizilo ya Cummins, ndimakoka zolemera kuposa zanuzo injini ili phee. Ngakhale ya dizilo ya Ford yomweyo, 6.7 ya chaka chimenecho, ili ndi torque, mphamvu yopotokola ija yokokera katundu, ya 1,050 lb-ft pa 1,600 rpm, pamene yanuyo ndi 475. Gulitsani mtengo usanatsike.

Makanika, Dallas: Musathamangire kugulitsa, achimwene. Pali zinthu ziwiri zimene mwaziphatikiza, tizilekanitse kaye. Kulira pa 4,000 rpm si matenda. Injini ya 7.3 ija torque yake yonse imatulukira pa 4,000 pomwepo, ndipo ma horsepower ake 430 ali pa 5,500. Ilibe turbo, ndiye mphamvu imaipeza pozungulira mofulumira. Anthu amene tinakulira pa malole a dizilo khutu lathu limadabwa, koma umo ndi mmene anaipangira. Isiyeni ilire.

Chimene chikundikayikitsa ndi 5.8 ija. Kwanuko ku Indiana n'kosalala, ndipo skid steer siitchinga mphepo ngati kalavani. Makasitomala anga a magalimoto oterewa, pa kulemera kumeneko, amandiuza 8 kapena 9. Chilipo chikukudyerani mafuta. Ndiyankheni izi: matayala ndi a saizi yanji? Pa sitika ya pachitseko cha dalaivala, pamene alemba AXLE, pali chiyani? Mumathamanga bwanji? Nanga thirela munaigwirako mahabu ake, pakati pamene pamamangidwa matayala, mutayenda ulendo wautali?

Wa F-250, South Bend: Matayala ndi a mainchesi 35, a mano akuluakulu aja, ndinaipeza ili nawo kale. Nambala ya pa AXLE ndaifufuza, magiya a ekiselo ndi a 3.55. Ndimayenda pa mamailosi 72 kapena 73 pa ola. Mahabu sindinawagwirepo, ndinene zoona.

Makanika, Dallas: Ehe, pamenepo tayamba kuona. Ngati inachoka ku fakitale ndi matayala a 275/70R18, amenewo ndi mainchesi 33 ndi pang'ono. Mwini wake wakale anaika a 35, ndiye tayala lililonse likazungulira kamodzi likuyenda mtunda wotalikirapo ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse. Ngati sanasinthe kompyuta, galimoto ikuwerenga mamailosi ochepa kuposa amene mwayenda, ndiye 5.8 yanu ija kwenikweni ndi 6.1. Chachiwiri, singano ikamaloza 72 inu muli pa 76. Chachitatu, 3.55 ija ndi matayala amenewo ikugwira ngati 3.37, n'chifukwa chake giya ya 9 ndi 10 sizikukhazikika, ikalowa yatuluka, ikalowa yatuluka.

Liwiro ndiye mbava yaikulu. Kukana kwa mphepo kumakwera motsatira liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Kuchoka pa 62 kufika pa 76, mphepo imene mukulimbana nayo yakwera ndi theka lathunthu. Pamwamba pake matayala ambiri a mathirela, aja olembedwa ST, malire ake ndi 65 pokhapokha ngati alemba china pakhoma la tayala. Kaoneni anuwo.

Madala a ku Denver: Mwana wanga, mverani a makanika. Ine ndakoka ndi petulo zaka zambiri, panopa ndili ndi Silverado 2500HD ya 6.6 ya petulo. Kuno ndiye petulo imavutikadi, chifukwa injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 pa 100 ya mphamvu pa mafiti 1,000 alionse amene mwakwera. Pa Eisenhower Tunnel, pa I-70, muli pamwamba pa mafiti 11,000, ndiye gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu latsala kumunsi. Ndimakwera pang'onopang'ono kumbali ya kumanja pamodzi ndi malole, ndimafika. Munthu wa kuno akati akufuna dizilo ndimamumvetsa. Koma inu ku South Bend phiri lake liti? Komanso musaope kuti muiphulitsa. Manambala a kukoka amene makampani amalemba amayesedwa ndi muyezo wa SAE J2807, ndipo mbali ina ya mayesowo ndi kukwera mtunda wa Davis Dam ku Arizona, mamailosi opitirira 11, kunja kukutentha madigiri 100 a Fahrenheit, AC ili yoyatsa. Timitunda ta Toll Road, I-80/90 yanu ija, si kanthu kwa iyo.

Mayi a mabuku, Silver Spring: Ine sindigwira sipanala, ndimasunga mabuku a bizinesi ya abambo akunyumba ndi a anthu ena atatu okoka mathirela. Achimwene a ku South Bend, musakhulupirire dashibodi yokha. Magalimoto olemera kupitirira mapaundi 8,500 a GVWR, kulemera kololedwa kwa galimoto pamodzi ndi katundu wake, boma silifuna kuti alembedwe mamailosi pa galoni, n'chifukwa chake simupeza nambala ya EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe, yoti muyerekeze nayo. Nambala yoona ndi yanu: dzadzani thanki, lembani mamailosi a pa GPS ya foni, mukadzadzanso gawani ndi magaloni a pa risiti. Chitani katatu.

Tsopano masamu. Tingoyerekeza kuti petulo ndi $3.20 ndipo dizilo $3.80, inu muikepo mitengo ya kwanuko. Petulo ikamakupatsani 8, mailo imodzi ndi masenti 40. Dizilo ikamakupatsani 11, ndi masenti 34 ndi theka. Kusiyana kwake masenti 5 ndi theka. Mukakoka mamailosi 15,000 pa chaka, mwapulumutsa $825. Injini ya dizilo pa galimoto yatsopano imawonjezera pafupifupi $10,000 pamtengo. Zaka 12 zimenezo kuti ndalama ibwerere, tisanawerenge DEF (madzi oyeretsa utsi wa dizilo), mafyuluta a mafuta ndi oyilo wochuluka pa sevisi iliyonse. Koma pa 6 mailo imodzi ndi masenti 53, ndiye n'zomveka kuti mukusirira dizilo. Konzani kaye chimene chalakwika, muwerengerenso.

Wa Ram, Columbus: Mayi, masamu anu ndi abwino koma mwasiya chimodzi. Ya dizilo pogulitsa imabweza ndalama zambiri. $10,000 ija siitayika yonse.

Mayi a mabuku, Silver Spring: Zoona zimenezo, ndipo kwa inu amene mumayenda maulendo ataliatali tsiku ndi tsiku dizilo ndi yoyenera. Koma achimwenewa amayenda pafupipafupi, kuima, kutsitsa makina, kulizanso. Fyuluta ya utsi ya dizilo, DPF, imafuna ulendo wautali kuti idziwotche yokha iyere, ndipo ndaonapo marisiti ake ikatsekeka. China, injini ya dizilo ndi yolemera ndi mapaundi mazana angapo, ndipo amenewo amachotsedwa pa katundu amene F-250 ingasenze. Mukati ndiye ndikwere pa F-350 ya matayala anayi kumbuyo, yolembedwa 14,000, kuphatikiza thirela ya 14,000 mwafika 28,000. Malire ndi 26,001 thirela ikapitirira 10,000, ndiye pa bizinesi mufunika CDL, laisensi yoyendetsera magalimoto akuluakulu a malonda, ya Class A. Panopa, ngati sitika yanu ikuti GVWR ndi 10,000, muli pa 24,000.

Makanika, Dallas: Mawa musanachite china chilichonse, gulani ka thermometer koloza ndi kuwala kaja, si kodula. Kokani mamailosi 20 osaponda mabuleki kwambiri, imani pamalo abwino, lozani habu iliyonse ya thirela. Zonse zinayi ziyenera kufanana. Kenako pitani pa sikelo ya pa truck stop muyeze zonse muli ndi katundu. Mphepo ya m'matayala muyeze m'mawa asanatenthe.

Wa F-250, South Bend: Ndabwera ndi zotsatira. Matayala a thirela amafuna 80 psi, ndapeza awiri ali pa 58, ena pa 64. Nditayenda mamailosi 20 ndinaima pa rest area. Mahabu atatu anali pakati pa madigiri 105 ndi 115 a Fahrenheit. Yakumbuyo kumanja inali pa 270. Nditawerama ndinamva fungo ngati la kilachi yopsa, ndipo rimu yake inali ndi fumbi lakuda lomata pamene zinzake zili zoyera. Ndinabwerera kunyumba pang'onopang'ono, ndinatsitsa makina, ndinaika jeke. Matayala atatu ndikawakankha ndi dzanja akuzungulira okha kangapo. Limeneli ndinachita kuligwira ndi manja awiri, likungoti khwee khwee n'kuima. Nditachotsa dramu, sipuling'i yobweza ma shoe inagwera pansi ili zidutswa ziwiri, mkati mwa dramu mwasanduka mobiriwira ndi kutentha, girisi yasungunuka ngati mafuta ophikira. Ndiye kuti miyezi yonseyi ndimakoka thirela ili ndi buleki imodzi yogwira.

Sikelo inati thirela ndi katundu wake ndi mapaundi 12,900. Ine ndimaganiza 11,500. Ndimayenda ndi bakete yachiwiri ya skid steer ndi auger, chobowolera maenje, tsiku lililonse ngakhale pamene sindizifuna.

Makanika, Dallas: Mwapulumuka, achimwene, chifukwa pa kutentha kumeneko chotsatira chinali bering'i kuuma tayala n'kuchoka pa msewu. Musasinthe mbali imodzi yokha. Ikani mabuleki atsopano mbali zonse ziwiri za ekiselo imeneyo, bering'i ndi silu zatsopano pa habu yopsayo, ndipo tayala lake mulione bwino kapena mulisinthe. Mukamaliza muchunenso gain pa brake controller, ndiye kuti mphamvu imene mabuleki a thirela amagwirira, chifukwa munazolowera thirela yodzigwira yokha. Pokoka dinani Tow/Haul, ndipo ndi batani la pa ndodo ya magiya tsekani 10 ndi 9 kuti isamasakesake.

Madala a ku Denver: Ndipo poika makina pa thirela, kulemera kofika pa hitch, pokolekera thirela, kukhale pakati pa 10 ndi 15 pa 100 ya thirela yonse. Mukachotsa bakete inayo kutsogolo, skid steer muisunthire patsogolo pang'ono, apo ayi thirela idzayamba kugwedeza mchira.

Wa F-250, South Bend: Patha masabata atatu, ndadzadza thanki kanayi, ndikuwerengera pa risiti ndi GPS monga anandiuzira mayi. Ndikuyenda pa 62 ya GPS, auger ikutsala kunyumba ngati ilibe ntchito. Zatuluka 8.2, 8.6, 7.7 tsiku lina kunali chimphepo chochokera kunyanja ya Michigan, ndi 8.4. Thanki ikundifikitsa mamailosi 260 ndisanayambe kuda nkhawa. Galimoto sindigulitsa. Funso latsala ndi ili, a makanika: ndiike magiya a ekiselo a 4.30 kapena ndingobwerera ku matayala a 33?

Makanika, Dallas: Ngati ndi 4x4, kusintha magiya a ekiselo ndi kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndalama zake n'zambiri. A 35 mukadali nawowo auzeni a pa galaja akonze kompyuta kuti singano izinena zoona. Akatha, gulani a saizi yolembedwa pachitseko, a load range E, a mano a pa tala. Mukatero muyezenso mathanki atatu, mutiuze manambala tione ngati 4.30 ikufunikabe.