Phewa likundiwawa pochita Chaturanga pa yoga, kodi ndikulakwitsa pati?

Mayi wa ku Zomba:
Moni nonse. Ndinayamba yoga miyezi isanu yapitayo, ndipo m'mawa uliwonse ndimabwereza Surya Namaskar, mndandanda uja wa kaimidwe kosiyanasiyana kotsatizana, kasanu ndi kamodzi. Vuto langa ndi lakuti ndikamatsitsa thupi pa Chaturanga, kaimidwe kaja kotsikira pansi chafufumimba utatsamira manja ndi zala za kumapazi, zigongono zitapindika, kutsogolo kwa phewa lakumanja kumandibaya ngati singano, ndipo ululuwo umakhalapo mpaka masana. Kodi mikono yanga ndi yofooka, kapena ndikuika thupi molakwika?

Mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi:
Pepani ndi ululuwo, mayi. Ndikuganiza kuti zonse ziwiri zilipo, koma chachikulu ndi kaikidwe ka thupi. Mfundo ya paphewa inapangidwa kuti izizungulira mbali zonse, choncho mutu wa fupa la mkono umakhala m'kabowo kosaya kwambiri, ndipo chimene chimaugwira ndi minofu inayi imene madokotala amaitcha rotator cuff. Munthu akatsika mpaka mapewa kupitirira zigongono, mutu wa fupalo umapendekera kutsogolo n'kupanikiza mitsempha ya pamenepo, ndiye mukabwereza zimenezi tsiku ndi tsiku malowo amatupa.

Muziima pamene mapewa afanana ndi zigongono, kapena pamwamba pang'ono, zigongonozo zili pafupi ndi nthiti. Musanatsike, sunthirani thupi kutsogolo pang'ono ndi zala za kumapazi, chifuwa chili chotambasuka. Koma kwa masabata angapo ndikupemphani kuti muzigwada kaye, mawondo ali pamkeka, n'kumatsika pang'onopang'ono. Ambiri amachita manyazi ndi njira imeneyi, pamene ndiyo imamanga mphamvu popanda kuvulaza phewa.

Bambo wa ku Johannesburg:
Aphunzitsi anena zoona. Ine ndiwonjezepo za Adho Mukha Svanasana, kaimidwe kaja kokweza chiuno m'mwamba manja ndi mapazi zili pansi, chifukwa kwa ine vuto linayambira pamenepo. Ndinkasiya thupi lonse kulendewera pamapewa, khosi n'kumira pakati pake. Zinasintha nditayamba kukankha pansi ndi chikhatho chonse, makamaka patsinde pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, uku ndikutembenuzira mikono yakumtunda kunja kuti khosi lipeze mpata. Ngati zigongono zanu zimapindikira kumbuyo mukawongola mikono, muzizipinda pang'ono kuti katundu asenzedwe ndi minofu.

Mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi:
Zikomo bambo. Kukankha pansi kumeneko kumadzutsa mnofu wa m'mbali mwa nthiti wotchedwa serratus anterior, umene umagwira fupa lophwatalala la kuseri kwa phewa kuti lisatukuke ngati phiko. Chinanso, mayi, pa yoga timakankha kwambiri koma sitikoka kawirikawiri, choncho mangani lamba wotamuka pachinthu cholimba, muzimukokera kumimba kakhumi, maulendo awiri kapena atatu. Ululu ukamakudzutsani usiku, kapena mkono ukamakanika kukwera, kapenanso dzanja likachita dzanzi, siyani kaye zonse mupite kuchipatala akakupimeni.

Mayi wa ku Zomba:
Ndathokoza kwambiri nonse awiri. Ndadzijambula ndi foni kuchokera m'mbali, ndipo ndaona kuti mapewa anga amatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza mkeka, chiuno chili m'mwamba. Usiku ndimagona bwino, choncho ndipumitsa phewali masiku angapo, kenako ndiyambe ndi kugwada monga mwanenera.